Dzina Limene Sindinalembe

Dzina langa ndine Vathiswa, kwathu ndi kufupi ndi Tsolo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma pa nyumba zathu ziwiri ndine ndimalemba ndi kuwerenga makalata. Kalata iliyonse ndimayamba ndailemba m'kope ndi pensulo, kenako ndimaikopera papepala ndi bolopeni. N'chifukwa chake onsewa ndili nawo.

Ndinene chinthu chimodzi, poti m'makalatamu palibe anachinena msanga. Amene ndimawatcha Mayi aakulu ndi amene anandibereka. Ndili ndi zaka zitatu anandipereka kwa mkazi wa mlamu wawo, kutsidya kwa kamtsinje, amene anakhala zaka khumi pabanja opanda mwana. Amenewo ndi amene ndimawatcha Mayi. Kwathu mwana akaperekedwa chotero, nkhani imatsekedwa. Aliyense amadziwa, palibe amanena. Abambo onse awiri anamwalira kale. Achimwene a Mlamli ndi mwana woyamba wa Mayi aakulu, ndipo ine amanditcha Kalaliki chifukwa cha kulembaku.

Khayelitsha, Cape Town
9 Febuluwale 1998

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Mayi aang'ono kutsidyako. Kuno mpongozi wanu Nokwakha ndi ana ali bwino. Wovuta ndine. Iwe Kalaliki, yamba wawakhazika pansi Mayi, ndipo uwerenge pang'onopang'ono.

Zotupa za m'khosi zija zabweranso, tsopano ndi m'khwapa momwe. Madokotala akuti ndi khansa ya mwanabere yomwe ija, ndipo yapita patali. Andiyambitsanso mankhwala a m'diripi. Tsitsi lathothokanso, mutu uli see ngati bondo, ana akuti ndisamakhale padzuwa ndikuwathobwa m'maso. Ntchito yopenta zombo kudoko ndayamba ndaima.

Dokotala sanandibisire. Mankhwalawa angogoneka matendawa miyezi yowerengeka, sangawathe. Njira yatsala imodzi. Matenda akagona, amapha mafuta a m'mafupa mwanga, amene amapanga magazi, n'kundipatsa mbewu ya magazi ya munthu wina kuti imere mwa ine. Koma munthuyo magazi ake ayenera kufanana ndi anga ndendende, ndipo kawirikawiri amapezeka mwa obadwa bambo mmodzi, mayi mmodzi. Woperekayo amamubaya jakisoni masiku angapo, kenako amakhala pa makina tsiku limodzi kapena awiri. Sakhala wolumala, thupi limabwezeretsa lokha.

Ndiye Mayi, munditumizire maina a ana onse a m'mimba mwanu ndi kumene ali, kuti achipatala akonze zowayeza magazi. Onse, Mayi. Kalaliki akuuzeni kuti pansi pa mawu amenewa ndajambulapo mzere.

Mundiuzenso za nkhosa, ndiponso ngati mapichesi abereka.

Mwana wanu,
Mlamli

Tsolo
21 Febuluwale 1998

Okondedwa Achimwene,

Moni wochokera kwa Mayi aakulu, kwa Mayi, ndi kwa ine Vathiswa. Ife tili bwino. Kalata yanu inafika Lachinayi kusitolo, ndipo ndinakaiwerenga kwa Mayi aakulu tsiku lomwelo. Mayi analiponso, ankawathandiza kusenda nyemba. Ndinawerenga pang'onopang'ono monga munanenera. Pa mawu a mzere paja ndinabwereza kawiri.

Mayi aakulu analira pang'ono, kenako anapukuta m'maso nati nditenge pensulo. Awa ndi mawu awo:

Mwana wanga, ndamva. Usaope, Mulungu aliko. Abale ako ndi awa. Woyamba Loyiso, ali kumgodi ku Welkom, adiresi yake uli nayo. Wachiwiri Zweli, ali pakhomo pano.

Atafika pamenepo anaima. Ndinadikira pensulo ili m'manja. Mayi ankangosenda nyemba, osadzutsa mutu. Kenako Mayi aakulu anati, "Lemba za nkhosa."

Nkhosa zilipo zonse, imodzi yokha ikutsimphina. Mapichesi abereka kwambiri, tikuyanika padenga, anu tikusungirani.

Achimwene, ndalemba monga andiuzira. Sindinawonjezere, sindinachotsepo.

Ine,
Vathiswa

Khayelitsha
10 Malichi 1998

Kalaliki,

Moni kwa Mayi ndi kwa mayi ako. Kalata ndalandira. Dzanja lako ndi laukhondo monga mwa masiku onse, palibe pofufuta ngakhale pamodzi. Maina awiri ndawaona. Ndamva.

Pepala lili m'katili ndi la Zweli. Apite nalo kuchipatala chachikulu ku Umtata pa 25, m'mawa, akam'tenge magazi. Umuuze kuti singano yake ndi yaing'ono kuposa imene amabayira nkhosa, asakatichititse manyazi pa anthu. Za Loyiso ndikulankhula naye ndekha.

Sindilemba zambiri, mankhwalawa akundichititsa nseru.

Mlamli

Tsolo
2 Epulo 1998

Okondedwa Achimwene,

Moni wochokera kwa tonse. Ndikhulupirira nseru ija yachepa.

A Zweli anapita pa 25. Ndinawaperekeza ine, chifukwa Mayi aakulu anati akapita okha pepala lija likathera m'thumba pamodzi ndi fodya. Ndinalikulunga m'pulasitiki, silinapindike. Tinakwera basi yoyamba. Powabaya anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi, anesi mpaka anaseka.

Nesi wina wachikulire anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso a Zweli. Anati, "Nanga iwe wangokhala pabenchipo, si mlongo wake? Mphumi ndi imodzimodzi." Ndinati ndine mwana wa kwa bambo aang'ono. A Zweli anali pomwepo, ankayang'ana thonje la pamkono pawo. Nesiyo anati, "Oho," n'kutseka botolo.



Achimwene, inu ndinu aakulu, mumadziwa zoyenera. Ngati pali china chimene ine ndingachite, chilichonse, mungonditchula, ndidzachita. Mawu amenewa ndi anga, sanandiuze munthu.

Ine,
Vathiswa

Khayelitsha
18 Meyi 1998

Okondedwa Mayi, ndi iwe Kalaliki,

Pepani ndachedwa kuyankha, ndimadikira kuti ndikhale ndi chonena. Muli bwanji nonse ndi kuzizira kumeneku?

Zweli sanafanane nane. Loyiso anachedwa, kapitawo wake ankamukaniza tsiku, koma anakayezetsa ndithu, ndipo nayenso ayi. Musawadzudzule. Dokotala akuti mwa abale anayi, mwina mmodzi yekha ndi amene amafanana, ndiye awiri ndi ochepa. Anandifunsa kawiri ngati palibe wina. Ndinati amene anandilembera ndi omwewa.

Chodabwitsa n'chakuti ndikupeza bwino. Zotupa zaphwa zonse. Dzulo ndadya mbale ziwiri za chimanga chokonola ndi nyemba, Nokwakha mpaka anabisa mphika. Dokotala akuti nthawi yabwino yondipatsira mbewu ija ndi ino, matenda ali m'tulo, koma sadziwa agona mpaka liti. Akufufuza m'kaundula wa anthu ongodzipereka, koma akuti anthu akuda alimo ochepa kwambiri.

Kalaliki, wafunsa chimene ungachite. Undilukire chipewa cha ubweya. Mphepo ya kunyanja kuno ikundimenya pa dazi ngati ndinaipalamula. Chisakhale chofiira, ndingaoneke ngati machesi.

Mlamli

Tsolo
6 Julayi 1998

Okondedwa Achimwene,

Moni wochokera kwa tonse. Kuno kukuzizira kwambiri, mapiri ayera.

Chipewa ndinatumiza pa 9 Juni pamodzi ndi mapichesi ouma. Ndi chabulauni. Ndinachimasula kawiri chifukwa sindinkadziwa kukula kwa mutu wopanda tsitsi, ndiye ndinayezera pa dzungu la Mayi. Ngati chathina mundiuze, ubweya unatsalako.

Papita Lachinayi zinayi ndikupita kusitolo osapeza kalata. Mwini sitolo wayamba kupukusa mutu ndisanalowe n'komwe. Mayi aakulu sakudya bwino. Chonde mutilembere ngakhale mizere iwiri, kapena alamu atilembere.

Ine,
Vathiswa

Khayelitsha
11 Ogasiti 1998

Vathiswa,

Ndine mlamu wako Nokwakha. Moni ndipereka tikaonana, lero ndilibe.

Achimwene ako agonekedwa kuyambira pakati pa Julayi. Akutentha thupi, thukuta likunyowetsa zofunda, zotupa zayambanso. Anandiletsa kulemba, akuti tingadetse nkhawa nkhalamba.

Lamlungu kunabwera Loyiso kudzawaona. Titatuluka m'wodi anaima pakhonde n'kunena ngati akunena za nyengo, "Mwina akanayeza Vathiswa. Iye ndi Mlamli ndiwo anatengera Bambo." Ndinati Vathiswa wake uti, wa kwa bambo aang'ono? Anayang'ana nsapato zake. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pabanja pano, ndakuphikirani, ndakuchapirani pa maliro ndi pa maukwati, ndipo palibe anandiuzapo kuti iwe ndi amuna anga munayamwa bere limodzi. Ine ndinakulira m'tauni, zanu zomangoyang'anana m'maso sindizidziwa.

Ndinabwerera m'wodi n'kuwafunsa. Ukudziwa anati chiyani? Anati, "Ndinapempha maina onse. Iye ndiye amagwira bolopeni, analemba awiri ndi dzanja lake. Mwana wayankha, Nokwakha. Tinamupereka kale kamodzi osamufunsa, sindingakamutengenso osafuna iye."

Ndiye ndikufunsa ine, poti ulemu wanuwo ndilibe. Unakana kapena sunakane? Ngati unakana, nena, ndidziwe chowauza ana anga akadzakula. Ngati sunakane, kwera basi. Tikiti ndakulipirira kale, ukangotchula dzina lako ku ofesi ya mabasi ku Umtata. Dzina lako ukulidziwa, eti?

Nokwakha

Tsolo
21 Ogasiti 1998

Okondedwa Alamu,

Moni. Kalata yanu ndalandira dzulo. Sindinakane. Ndikwera basi ya Lolemba, ndifika Lachiwiri m'mawa. Kalatayi mwina ifika pambuyo panga, komabe ndilembe, chifukwa pamaso sindidzatha kunena.

Envelopu inali ndi dzina langa, koma ine kalata yochokera ku Cape Town sinditsegula ndekha. Ndinapita nayo kwa Mayi aakulu, Mayi ananditsatira. Nditafika pa mawu a Loyiso ndinafuna kudumpha. Koma sindinadumphepo mawu m'kalata ya munthu chiyambire, ndiye ndinawerenga zonse mpaka dzina lanu.

Anayamba kulankhula ndi Mayi. Anati, "Akulu, tsiku lija la nyemba, bwanji simunamutchule mwanayu?"

Mayi aakulu anati, "Ndikanamutchula bwanji inu muli pomwepo? Ndinakupatsani ndi manja awiri. Zikanakhala ngati ndikukulandani. Ndinkadikira kuti munene ndinu."

Mayi anati, "Ine ndinene chiyani pa za m'mimba mwanu? Ndinasenda nyemba zija mpaka zala kuwawa, kudikira inu."

Kenako onse awiri anayang'ana ine. Mayi anati, "Nanga iwe, pensulo inali m'manja mwa ndani?"

Ndinkaganiza kuti achimwene akanandifuna akananditchula. Atapempha chipewa ndinati basi, ndi chimene ndili woyenera. Sindinadziwe kuti iwonso akuwerenga kalata yanga n'kumva zina.

Mayi anapita kukanditulutsira sutikesi yawo ya ukwati. Akuti andiperekeza okha mpaka ku Umtata.

Ine,
Vathiswa

Khayelitsha
14 Seputembala 1998

Okondedwa Mayi ndi Mayi aakulu,

Moni nonse awiri. A Zweli, chonde muwerenge zonse, musadumphe, ngakhale povuta.

Ndinafika bwino. Alamu anandilandira pa siteshoni ndipo tinapita kuchipatala ndisanasambe n'komwe. Ananditenga magazi tsiku lomwelo. Pa pepala panali pofunsa ubale wanga ndi wodwala. Nesi anandipatsa bolopeni, ndipo ndinalemba kuti mlongo wake, bambo mmodzi, mayi mmodzi. Mayi, mundikhululukire, ndinalemba choncho.

Achimwene aonda kwambiri. Ndinawapeza atavala chipewa chija, ndi chachikulu, chimawafika m'maso. Atandiona anati, "Kalaliki, unayezera pa chiyani, pa mtsuko?" Ndinati pa dzungu. Anaseka mpaka kutsokomola, alamu anachita kuwakhazika tsonga.

Alamu atatuluka kukatunga madzi, achimwene anandiuza kuti ndikhale pabedi. Anati, "Ukukumbuka amene anakuwolotsa kamtsinje tsiku lija?" Ndinati sindikumbuka. Anati, "Ndine. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anandiuza kuti ndikubereke ndikakusiye kwa Mayi aang'ono, ndipo ndisakalire. Nsapato yako imodzi inagwera m'madzi, iwe unkalirira nsapatoyo, osadziwa kuti sukubwereranso. Ndinakusiya pakhomo ukudya mbatata, ine n'kuthawa." Kenako anati, "Nditaona maina awiri aja ndinati mwana uja wakumbuka."

Ndinati, "Achimwene, ine ndimangolemba zimene andiuza."

Anati, "Ndikudziwa. Inenso ndimangowerenga zimene andilembera. Tonse ndife ophunzira kwambiri."

Zotsatira zatuluka Lachisanu. Dokotala, mayi wamtali wa magalasi, anatiitanira m'kachipinda ine ndi alamu. Anati magazi anga ndi a achimwene afanana pa zonse zimene amayang'ana, palibe posiyana. Alamu anandigwira dzanja mwamphamvu. Koma dokotalayo sanamwetulire. Anati matenda anadzuka mu Julayi, tsopano afika m'chifuwa ndi m'chiwindi. Kuti mbewu yanga ilowe, amayenera kuyamba apereka mankhwala aukali kwambiri, ndipo thupi la achimwene mmene lililimu silingapirire. Ayesa mankhwala ena kuti matenda agonenso. Akagona, ine ndikhale pafupi.

Ndinafunsa funso limodzi lokha. Ndinati, ndikanabwera mwezi wa Meyi? Alamu anati, "Vathiswa, usafunse zimenezo." Dokotala anavula magalasi n'kunena kuti palibe angalonjeze, njirayi ndi yoopsa ngakhale pa nthawi yabwino, ena sapulumuka. Ndinafunsanso kachiwiri. Anati, "Mu Meyi tikanayesa."

Ndikhala kuno mpaka atandifuna. Ndikudya bwino, ndikumwa chambiko tsiku lililonse kuti magazi akhale okwanira. Ana ndikuwaperekeza kusukulu. Mundiuze ngati nkhosa yotsimphina ija inachira, achimwene akufunsa.

Mwana wanu nonse awiri,
Vathiswa

Khayelitsha
19 Okutobala 1998

Okondedwa Mayi ndi Mayi aakulu,

Uthenga wa lamya wa kusitolo uja ndikhulupirira unakufikani. Ndikulemba kuti mudziwe bwinobwino mmene zinakhalira.

Mankhwala atsopano aja anawapatsa kawiri. Zotupa sizinaphwe. Sabata yatha dokotala anati asiye, angowapatsa oletsa ululu. Achimwene anavomera okha. Anatisiya Loweruka masana, dzuwa lili pawindo, alamu atawagwira dzanja lina, ine lina. Sanavutike kwambiri.

Lachinayi anali atalankhulako. Anati ndikuuzeni kuti pasakhale wolozana chala. Anatinso chipewa apite nacho, kumudzi kumazizira.

Ine sanandibaye ngakhale jakisoni mmodzi wa aja ankanena. Mbewu za magazi zija ndikubwera nazo zonse mmene ndinapitira nazo.

Thupi linyamuka Lachinayi, tifika Lachisanu. Anthu a bungwe la maliro la alamu akonza galimoto. A Zweli auze amuna a m'mudzi za manda, pafupi ndi Bambo aakulu.

Ine,
Vathiswa

Tsolo
8 Novembala 1998

Okondedwa Achimwene,

Moni. Kalata iyi ikhala m'kope momwemu, ya pensulo, chifukwa kulibe koitumiza. Koma kalata yanu ya pa 9 Febuluwale sindinaiyankhe bwino, ndipo sindikonda kusiya ntchito yolakwika.

Tinakuikani Loweruka lija, masabata awiri apitawo. Kunabwera anthu ambiri, anzanu a kudoko anadzaza minibasi. Alamu akhala kuno mpaka mwezi uthe. Amandilankhula bwino, koma nthawi zina ndimawapeza akundiyang'ana pamkono, pamene ananditenga magazi.

Nkhosa ija inachira. Mapichesi ayamba kale timbulu.

Kutatsala tsiku limodzi, abusa anatuma uthenga kuti tilembe mbiri yanu yoti ikawerengedwe kumanda. Tinakhala m'nyumba ya Mayi aakulu, malo omwe aja, ine pa mpando womwe uja. Mayi aakulu ankanena, ine ndikulemba. Chaka chobadwa, sukulu, ntchito, mkazi ndi ana awiri. Kenako anati, "Wasiya abale ake. Loyiso. Zweli." Anaimanso, monga tsiku lija. Sindikuganiza kuti anachita dala. Pakamwa panazolowera zaka makumi awiri.

Mayi anatsegula pakamwa kuti anene, koma ndinali nditayamba kale kulemba. Sindinadikire munthu. Mayi anasuzumira m'kope, ngakhale sadziwa kuwerenga, n'kufunsa kuti, "Walemba?" Ndinati ndalemba. Anati, "Chabwino," n'kutuluka panja, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Abusa anawerenga kumanda pamaso pa mudzi wonse. Palibe anadabwa, palibe ngakhale anatembenuka. Anthu onse aja ankadziwa kale, Achimwene. Chinthu chimene tinachisunga mosamala chonchija, panalibe amene tinkamubisira.

Ndiye yankho la kalata yanu ndi ili. Ana a m'mimba mwa Mayi aakulu, kupatula inu, ndi awa:

Loyiso, ali ku Welkom.
Zweli, ali pakhomo.
Vathiswa, ali kutsidya kwa kamtsinje.

Ndayesa kuwerenga nthawi imene mzere wachitatuwu umatenga kulemba. Ngakhale polemba pang'onopang'ono monga ndimachitira ine, sufika mphindi imodzi.

Mlongo wanu,
Vathiswa